Entiropi ya Lachisanu

Lolemba
Sabata yanga yomaliza. Zaka makumi atatu ndikudya fumbi la choko, Lachisanu ndikupuma ntchito. Phunziro lotsazikira ana a Fomu Faifi: entiropi, muyeso wa kumwazikana kwa zinthu. Ndikufuna aone ndi maso, monga anationetsera mphunzitsi wathu ku mishoni kum'mawa. Titangolandira ufulu mulabu ya sayansi munali mabotolo odzaza mpaka kudenga. Lero muli mphemvu. Ndipeza ndekha zipangizo:
– nyemba zoyera ndi zofiira m'botolo. Ukagwedeza zimasakanikirana, sizipatukananso zokha.
– ayezi, madzi oundana aja. Tinthu tothinana timamasuka n'kukhala madzi.
– feteleza wobereketsa. Akamasungunuka amayamwa kutentha, madzi zii! Koma amasungunukabe yekha, poti kumwazikana kumapambana. Apa mpamene ana amayasamula kukamwa.

Lachiwiri
Nyemba ndinaziyesa dzulo, zinasakanikirana bwino. Lero pobwera kuntchito, akazi anga, amake Tisa, ali pamphasa ndi lichero. Azisankha zonse, imodziimodzi! "Ndani wasakaniza nyemba ngati mwana?" Ndikuwauza kuti sayansi ikuvomereza, kupatula kumafuna mphamvu. "Mphamvu zake zanga." Zofiira zili kale pambaula. Zokoma, sindikana.

Lachitatu
Ba Mulenga a kubutchala, moni wawo wa Chibemba: "Shani, ba Ticha? Tengani." Chibuma cha ayezi. Ndikuyesa ngati chingafike kusukulu ku Kabulonga kuchokera kuno ku Kabwata. Nyuzipepala, saka, pamiyendo. Basi kulibe! Maola awiri padzuwa. Kale basi inkabwera panthawi yake, kondakitala atavala chipewa. Ndikufika kusukulu ndi saka yonyowa, buluku yonyowanso pamalo oipa. Ana akuseka mpaka misozi. Ayezi ndamufufuta pamndandanda.

Lachinayi
Feteleza! Alamu a ku Makeni andipatsa chitini chimodzi. Ndabisa kuseri kwa kabati. Amake Tisa maso awo ngati a nkhwazi. "M'masitolo monse mulibe, inu mukasewere naye m'madzi?" Feteleza wapita kudimba lawo la repu. Ndagwada, ine munthu wamkulu. Andisiyira supuni imodzi. Ili mu envelopu, m'thumba la jekete. Ikwana. Phunziro likadalipo.

Lachisanu
Jekete ya paukwati. Tambula yotsuka.
Belu lisanalire, ba Hedi pakhomo: "Pepani, ba Ticha, kukubwera mlendo wa boma." Malole a chipani pageti. Ana onse ku msewu wa ku eyapoti, aliyense ndi kambendera.
Taima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Magalimoto akuda fyuu! Sitinaone ngakhale dzanja.
Kenaka ana balala. Ena ku Chelstone, ena ku Woodlands, ena osadziwika. Ndikuitana, mawu akuthera m'fumbi. Osatsazikana n'komwe. Zandiwawa, sindinama.

Loweruka
Kukabweza kiyi wa labu. Ndikulowa kaye. Fungo lomwe lija, mabenchi omwe aja, mayina a ana ozokotedwa ndi kampasi. Ena ndi madokotala tsopano, ena tinaika. Madzi m'tambula, feteleza, kutakasa ndi pensulo. Yazizira! Yazizira ndithu, monga ku mishoni. Ndikutembenuka kuti ndinene "gwirani muone". Mabenchi okhaokha.

Lamulungu
Tabwera ku Misa. Amake Tisa aona nkhope yanga. "Tiphunzitseni ife, atate ake Tisa." Akhala pampando, manja pamiyendo. Ndikuphunzitsa zonse, kuyambira makala amene amasanduka utsi mpaka feteleza. Osandidula ngakhale kamodzi. Pomaliza: "Ndiye zaka zonsezi mumauza ana a eni kuti madzi akatayika sawoleka?"
Ndikufuna kutsutsa. Koma ndi zomwezo.
Mawa Lolemba. Ndapala makala m'simbi, ndasita shati yoyera mpaka kolala. Ndakumbukira nditaikoleka kale.