Mfutso wa m'Balani

Mpaka lero pa komboni pathu munthu akafuna kundiputa amangoima pakhomo n'kufunsa kuti, "Amayi a Rute, ndiwo za lero n'zodya kapena n'zosuta?" Ine ndimangoseka nawo, poti nditati ndikwiye ndiye kuti ndikwiyira komboni yonse. Koma nkhaniyi anthu ayamba kuithira mchere wambiri (ena akuti mlendo anakomoka, ena akuti tinamunyamula pa wilibala), choncho ndaona kuti ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Timakhala pa famu ina ya fodya kufupi ndi Trelawney. Makolo athu anachokera ku Dedza kalekale, ife tinabadwira konkuno. Amuna anga, a Banda, amasonkha moto m'mabalani owumitsira fodya, ine ndimasankha masamba ku shedi. Malipiro ake ndi aja umangowapatsa moni, basi atsanzika. Ku takishopu zinthu zimakwera mtengo munthu uli pamzere womwewo. Ndiye ndinaphunzira kusamala. Tizidutswa ta sopo ndimatiphatikiza n'kukhala sopo wina. Mafuta ophikira ndimayeza ndi chitsekero cha botolo. Madzi otsukira mbale amapita kukathirira repu kuseri kwa nyumba. Ana anga amati ndine woumira, ine ndimawakumbutsa kuti sanagonepo ndi njala. Kunena zoona, moyo umenewu sundiwawa. Ndimamva kukoma ndikaona chinthu chimene wina akanataya chikugwiranso ntchito.

Chuma changa chenicheni ndi mfutso, uja anzathu a Chishona amati mufushwa. M'dzinja ndiwo zamasamba zimangomera paliponse, nkhwani, chitambe, luni. Umathyola, kuwiritsa pang'ono, n'kuyanika padzuwa. Ikafika nthawi yozizira anzako akulira ndi mtengo wa kabichi, iwe uli phee ndi thumba lako. Koma chaka chimenecho kunagwa mvumbi wosaleka. Mfutso wanga woyamba unachita nkhungu uli padenga, ndipo ndinautaya mtima ukuwawa kwambiri.

Tsiku lina m'mawa ndinawapititsira a Banda mbatata ku balani. Atatsegula kachitseko kuti aone fodya, mpweya wotentha unandiwomba kumaso. Kunja kukunyowa chonchi, m'katimo muli mouma gwa. Ndinaima pomwepo n'kumaganiza za kutentha konseku kumene kukungotumikira fodya yekha.

"Abambo a Rute, pansi m'balanimu pamakhala chiyani?"

"Mapaipi a moto. Bwanji?"

"Nanga pakati pa mapaipiwo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Takhala m'banja zaka zambiri, amadziwa nkhope yanga ikayamba kuwerengera. "Amayi, musayambe," anatero. "Kapitawo akapeza chinthu chosakhala fodya muno, ntchito yatha. Ntchito ikatha, nyumba ija si yathu."

"Kapitawo amayang'ana pansi? Akalowa maso ake amakhala kumwamba kumene kwapachikidwa masamba."

Zinali zoona. Mawa lake ndinabwera ndi dengu lodzaza, ndinayala masaka m'ngodya kutali ndi chitseko, n'kuyanika ndiwo zanga pansi pa fodya wa bwana. Ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira ndekha.

Patapita masiku angapo a Banda anafika ndi thumba lomanga kukamwa, analiponya pakhonde.

"Mfutso wanu uwo. Musadzandiuzenso zoterezi."

Ine sindinafunse kanthu. Nditamasula ndinaona chinthu chodabwitsa. Aliyense amene anafutsapo amadziwa kuti dengu lodzaza likauma limatsala kambale kamodzi. Koma wangawu unali utachuluka. Munthu wanzeru akanafunsa kuti winawu wachokera kuti. Ine ndinathokoza Mulungu. Ndinaonamo timasamba tachikasu tingapo, ndinatizindikira kuti ndi fodya wogwa kumwamba, ndinatitola n'kutaya, ndipo ndinaganiza kuti ndamaliza. Fodya wopserera, uja wakuda wofumbutuka, sindinamuganizire n'komwe. Mufunsa kuti nanga fungo osalimva? Ife a pa famu mphuno zathu zinafa kalekale pa nkhani ya fodya. Zovala zathu, mabulangeti, ngakhale buku langa la nyimbo za kutchalitchi, alendo amati zonse zimanunkha fodya, ife osamva kanthu. Thumbalo ndinalipachika padera poti unali mfutso wouma bwino kuposa wina uliwonse, woyenera tsiku lalikulu.

Tsiku lalikululo linafika m'nyengo yozizira. Mwana wathu woyamba, Rute, anapeza mnyamata wa ku Mutorashanga, dzina lake Yusufu, wofatsa bwino, amakonza magalimoto a ku migodi. Kwawo ndi Asilamu, makolo awo anachokera ku Machinga, ife ndife Akhristu. Ife tinalibe nazo vuto, koma malume ake a mnyamatayo, a Saidi, ankakayikira. Anatumiza mawu kuti iwo ndi mlongo wawo, abiti Juma, amene analera Yusufu, abwera kudzaona pakhomo pathu nkhani za ukwati zisanayambe.

Dzulo lake Rute anandipeza kukhitchini.

"Amayi, tsiku limodzi lokhali musaumire. Chonde. A Saidi akungofuna chifukwa chokanira. Akachipeza, zanga zatha."

Maso ake anali odzaza misozi, ndipo ndinamumvera chisoni mwana wanga. Ndinalonjeza, ndipo ndinayesetsadi. Tambala wathu wamkulu ndinapita naye kwa mnansi wathu wa Chisilamu kuti amuzinge mwa mwambo wawo. Mafuta ndinathira kuchokera m'botolo mwenimweni, chitsekero nditachibisa m'thumba kuti chisandiyese. Koma nditayang'ana nyamayo mumphika, mtima wanga wakale uja unadzuka. Nkhuku imodzi, anthu onsewa, mawa tidya chiyani? Pakhale ndiwo zina zoti zithandize. Ndinatsitsa thumba lija.

Ndinaphika wotendera, nsinjiro zambiri. Nditalawa ndinamva kuwawa, komanso kukhosi kunandikanda pang'ono. Koma luni amawawa chikhalire, ndipo ndimadziwa kuti ndinaikamo luni. Ndinangowonjezera nsinjiro ndi tomato (taonani kusaumira kwakeko) n'kuphula.

Alendo anafika masana pa kombi. A Saidi anali aatali, oonda, mkanjo woyera mbee ndi kachisoti kumutu, munthu woti chibadwire sanagwirepo ndudu. Abiti Juma anali aafupi, onenepa, maso oseka. Amuna anakhala pamipando pakhonde, ife amayi pamphasa chapafupi. Rute anawasambitsa m'manja atagwada.

A Saidi atavundukula mbale nkhope yawo inamasuka koyamba.

"Mfutso wotendera. Ndinaudya komaliza amayi anga ali moyo. Kuno anthu angozolowera machanki a soya."

Ndinamuyang'ana Rute mwa matama. A Saidi nkhuku sanaikhudze n'komwe, anangolimbana ndi mfutso. Pa mbamu yoyamba anatsinzina pang'ono, koma munthu waulemu sadandaula chakudya cha eni ake, makamaka atachiyamikira kale. Anapitiriza. Kenaka anatsokomola. Anamwa madzi. Anadyanso. Ndinaona thukuta likutsika pachipumi, kunja kukuzizira chonchija. Anavula chisoti n'kuchiika pabondo. Kenaka anagwira mpando ndi manja onse awiri.

"A Banda, nyumba yanuyi imazungulira masiku onse, kapena ndi lero lokha?"

A Banda anaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala. A Saidi sanaseke. Anakankha mbale, anapukuta kukamwa, n'kulankhula motsitsa.

"Ndifunse mwaulemu. Mwatithirira chiyani m'ndiwomu?"

Kuno funso limenelo tanthauzo lake n'limodzi, ndilo mankhwala, aja amati amathirira anthu kuti avomere zimene sakufuna. Banja likatchuka nazo zimenezo, mwana wake sakwatiwa pa famu iliyonse kuyambira pano mpaka ku Banket. Rute anali chiimire pakhomo ndi jagi ya madzi. Ndinatembenukira kwa amuna anga, ndipo ndinapeza akuyang'ana zala zawo za kumapazi. Iwo mfutsowo anali asanaukhudze.

"Abambo a Rute," ndinatero, "thumba lija munalidzaza bwanji?"

"Ndinasesa," anayankha monong'ona. "Kapitawo anati titsitse fodya tsiku lomwelo, ndipo anali akubwera. Ndinatenga tsache n'kusesa zonse za pansi."

Kuseri kwa mpanda wathu wa udzu, mkazi wa kapitawo anali akuyanika zovala zimene ndikukhulupirira kuti zinali zouma kale. Ndikanena zoona mokweza, ntchito ya amuna anga ili pamoto. Ndikakhala chete, mwana wanga asanduka mwana wa mfiti. Ndinamuyang'ananso Rute, ndipo ndinapezeka ndagwada kale pamaso pa a Saidi. Ndinaulula zonse, mvumbi, nkhungu, balani, masaka, tsache, mpaka kuthokoza Mulungu kuja. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Ndili m'kati molankhula ndinamva phokoso la mbale kumbuyo kwanga. Abiti Juma anali akukombeza.

"Achimwene, musavutitse anthu," anatero akunyambita chala. "Ameneyu ndi fodya basi. Ine ndinamudziwa pa mbamu yoyamba."

"Ndiye osanena bwanji?" anafunsa a Saidi.

"Ndikananena mukanandilanda mbale. Chindiletsereni fodya wamphuno a ku kiliniki aja, lero ndiye ndaona mutu wanga ukuyera."

Woyamba kuseka anali mkazi wa kapitawo kuseri kwa mpanda. Kenaka a Banda, kenaka ngakhale Rute, akulira pomwepo. A Saidi okha sanaseke. Tinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mabulosi, anagona chagada chisoti chili pachifuwa. Ndinawapangira tiyi wamkaka, ndipo shuga ndinathira osayang'ana. Abiti Juma anakakhala pambali pawo n'kumawakupiza ndi chivundikiro cha poto.

"Tamverani, achimwene," ankatero, mokweza dala kuti tonse timve. "Munthu wothira mankhwala sagwada pagulu n'kuulula chinthu choti chichotsetsa mwamuna wake ntchito. Ndipo Yusufu mukumudziwa, malipiro ake amathera m'foni mwezi usanafike pakati. Mwana wa mayi wosataya ngakhale zosesa ndi amene ndikumufuna ine."

A Saidi anayang'ana kumwamba. Kenaka anafunsa osadzuka.

"Kunyumba kwa Yusufu azikaphika ndi mwanayo, eti? Osati amayi akewa?"

"Mwanayo," anatero abiti Juma.

"Zvakanaka, zili bwino. Tidzabweranso ndi ankhoswe."

Mawa lake kapitawo anawaitana a Banda. Ine ndinasankha fodya tsiku lonse osaona chimene ndikusankha. Kapitawoyo anawakalipira mpaka mawu kusasa, anawachenjeza kuti kachiwiri kulibe, koma ntchito sanawachotse, mwina chifukwa ankalephera kumaliza chiganizo osaseka. Kuyambira pamenepo akalowa m'balani amayamba wayang'ana pansi.

Ukwati unachitika, ndipo Rute ali bwino ku Mutorashanga, ali ndi mwana wamkazi wonenepa. Amandiuza kuti nayenso wayamba kuphatikiza tizidutswa ta sopo, koma amachita Yusufu atapita kuntchito. Abiti Juma, amene pano timaitanana kuti asewere, nthawi zonse akatumiza moni amawonjezera kuti, "Ngati uja wa m'balani watsalako, musandiiwale." Ndimawayankha kuti unatha.

Sikuti ndinautaya. Mfutso wabwino chonchija ndikanautaya bwanji? Ndinkauviika m'madzi pang'onopang'ono n'kumawaza repu wanga, ndipo chaka chimenecho nsabwe za m'masamba zinatheratu, ndisanagule mankhwala ngakhale a kobiri limodzi. Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndinganene kuti chinthu chikachuluka chokha uyenera kufunsa. A Banda amati sindinaphunzire kalikonse, chifukwa dzinja lathali anandipeza nditaima pafupi ndi balani ndi dengu la chitambe, ndipo anandibweza kunyumba.

A Saidi amabwerabe kudzationa, ndipo timagwirizana bwino. Koma pakhomo panga sadya chinthu chimene chalowa mumphika ndi china. Amapempha mazira owiritsa okha, ndipo amasenda okha, akuliyang'anitsitsa dzira lililonse. Anthu amati ndiyenera kuchita manyazi. Manyaziwo ndimachitadi, koma dzira lowiritsa silifuna mafuta.