Ndinapita Kunyanja Osachoka pa Nsaru

Mpaka lero anthu a mumpingo mwathu kuno ku Nsaru akafuna kuseka amangondifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, madzi anali ozizira?" Ine ndimayankha kuti inde, n'kumapita. Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndiinena ndekha ena asanaithire mchere.

Chimwalirireni mayi a kunyumba ndimakhala ndekha. Ntchito ya uphunzitsi ndinapuma. Ana anga atatu anakula onse: Limbani amagwira ntchito mu Lilongwe, Chikondi ndi namwino ku Blantyre, ndipo chitsirizira, Tadala, ali pasukulu ya ukachenjede ku Mzuzu. Amandikonda, sindikukana. Koma chikondi chawocho chimafika pafoni, ndipo foni siikhala nawe pakhonde.

Kuwaitanira kumudzi ndinali nditayesa kale. Amafika m'mawa, dzuwa likangopendeka ali kale pa minibasi, ati kuno netiweki imavuta. Ndiye ndinaganiza zowatchera msampha, nyambo yake nyanja. Ndinalemba pagulu lathu la pafoni kuti, "Ana inu, bwanji tikapumeko kunyanja Loweruka ndi Lamulungu? Sankhani malo."

Foni inayamba kulira ngati yalowa chiwanda. Limbani anati Salima, poti ndi pafupi. Chikondi anati Salima ndi kwa ana asukulu, anthu akuluakulu amapita ku Mangochi. Tadala anati nonse simudziwa kanthu, ku Nkhata Bay kuli miyala yojambulirapo zithunzi. Onse ankathamangira kwa ine kuti, "Adadi, gamulani." Ine osagamula. (Ndiulule: ndinkachedwetsa dala. Chiyambire kukhala ndekha, foni yanga inali isanalirepo tsiku ndi tsiku chotero.) Nditaona kuti ayamba kutopa ndinati Salima. Onse atatu anayankha pamodzi kuti, "Zili bwino, adadi." Munthu amene waphunzitsa ana moyo wake wonse ndinayenera kudziwa kuti kalasi ikayankha "inde" pamodzi, ndiye kuti palibe wamva.

Apa ndiye ndinayamba kudzikumbira dzenje. Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza, ndinaimirira n'kutsanzika mpingo wonse kuti sabata yamawa sindidzakhalapo, ana akunditengera kunyanja. (Mumve bwino: akunditengera. Bodza linayambira pomwepo.) Abusa anandipempherera ulendo wabwino, amayi ena mpaka nthungululu. Tsiku la msika ndinapalasa njinga kukagula kabudula wa pakaunjika, wamaluwa ofiira, ndipo ndinamugula ku Kabudula komweko kuti anthu a pa Nsaru asandione ndikumuyesa m'chiuno. A Nachisale, mayi amene timayandikana nawo nyumba, anandikazingira nkhuku zanga ziwiri, kuphika mtedza wauwisi, n'kulonjeza kuti azindidyetsera nkhuku zotsalazo.

Lachisanu ndinafika ku depoti ya mu Lilongwe, pomwe tinapangana kuti Limbani adzatitenga pagalimoto. Ndinakhala pabenchi, dengu la kamba pamiyendo.

Woyamba kuimba anali Chikondi. "Adadi, pepani, mnzanga wadwala ndiye andiika pantchito. Inu pitani mukasangalale, eti?"

"Palibe vuto, mwanangu."

Kenako Tadala. Mayeso awasunthira Lolemba, sangachoke.

"Palibe vuto, mama. Werenga."

Limbani anachedwerapo. "Adadi, poti enawo sakubwera, bwanji tingosintha tsiku? Abwana andituma ku Kasungu. Mwanyamuka kale kodi?"

"Ayi," ndinatero, anyamata oitanira akukuwa "Salima! Salima!" m'khutu mwangamu. "Ndikadali kunyumba."

Ndikanatha kukwera ndekha. Ndinaimirira ndithu, dengu m'manja. Koma ndinadziona nditakhala pamchenga, ndikuloza bwato, popanda womuuza kuti taona. Ndinakwera minibasi yobwerera.

Manyazi anandipeza m'njira. Ndikafika bwanji pa Nsaru, pemphero la abusa lisanazizire? Ndikawauza chiyani amayi a nthungululu aja? Ndinatsika tisanafike pamsika. Inali nyengo imene chimanga chimaposa munthu kutalika, choncho ndinadzera m'minda ya eni, masamba a chimanga akundikanda kumaso, mpaka ndinatulukira kuseri kwa nyumba yanga. Ndinalowa ngati mbava, kukhoma chitseko, kutseka makatani. Nzeru yake inali yoti ndidzatuluke Lolemba, n'kumauza anthu kuti nyanja ndi yaikulu.

Abale, kubisala m'nyumba mwako ndi ntchito. Moto sungasonkhe, utsi ukuulula. Wailesi sungatsegule. Chifuwa chikabwera umakhosomolera mu pilo. Za chimbudzi, chimene chili panja, tisakambe. Mazenera ali chitsekere munkatentha ngati m'balani ya fodya, ndiye ndinavula zonse n'kuvala kabudula wamaluwa uja. Kamba wa anthu anayi ndinkadya ndekha, nditakhala pansi, moyang'anana ndi mpando umene mayi a kunyumba ankakonda kukhalapo.

Loweruka m'mawa ndinamva a Nachisale akuwaza madeya pabwalo, akucheza ndi nkhuku zanga. "Idyani, inu. Mbuye wanu akudya chambo ndi ana ake. Ena anabereka, osati ife." Ndinali nditaluma ntchafu ya nkhuku. Ndinaibweza m'mbale.

Lamulungu belu linalira, anthu n'kudutsa kupita kutchalitchi. Nyimbo itayamba ndinati tsopano mudzi wonse uli m'kati, ndingathe kudziwongola. Ndinapita kukatunga madzi mu ndowa, chigongono n'kugunda mapoto amene anali pa shelefu. Phokoso lake ngati ngolo yagubuduzika. Ndiye kuti a Nachisale anali atachedwa, ali pakhomo panga ndi madeya awo.

"Wakuba! Wakuba kwa aphunzitsi!"

Ndinamva mapazi akuthamangira kutchalitchi. Nyimbo inadukira pakati. Munthu wanzeru akanatsegula chitseko n'kuima pakhonde. Ine ndinalowa kunsi kwa bedi.

Anabwera onse, amvano ndi mayunifolomu awo, akwaya, anyamata atatola miyala ndi zibonga. Chitseko chakuseri anachithyola. Amene anandipeza ndi a Chimphango, mkulu wa mpingo mnzanga, bambo wa mawu ngati ng'oma. Anandigwira mwendo n'kukoka.

"Ndamugwira! Taonani kabudula wake, mbava yopanda manyazi!"

Ndinatuluka chafufumimba, mutu uli ndi ukonde wa akangaude. Nditatembenuka, onse anandizindikira. Mnyamata wina anaika mwala wake pansi mwaulemu.

Abusa anakonza kukhosi. "Mwabwerako liti, aphunzitsi?"

"Lachisanu, abusa."

"Simunanyamuke Lachisanu kodi?"

"Lomwelo."

Wina wa kwaya analephera kupirira, ndipo kuseka kunayenda kuchokera m'chipinda mpaka kwa amene anali panja osadziwa n'komwe chikuseketsa. A Nachisale okha sanaseke. Anayang'ana mafupa a nkhuku m'mbale, kuyang'ana ine, n'kuvula chitenje chawo chapamwamba kundipatsa kuti ndifunde.

"Bwenzi mutangogogoda kwathu," anatero. "Ife tikanakufunsani chiyani?"

Abusa anabweza nkhosa zawo kukamaliza mapemphero. A Chimphango anatsala, ati aone za chitseko. Sanachikhudze n'komwe. Tinakhala pakhonde tikusenda mtedza wotsala, umene unali utayamba kale kuchita fungo. Patapita nthawi anati, "Ana anga aja a ku Joni, chaka chino ndiye sanaimbe ndi pa Khirisimasi pomwe. Kutchalitchi ndimanena kuti amaimba sabata iliyonse."

Tinasendabe.

Ponyamuka anakutumula makoko pa thalauzi n'kunena kuti, "Ulendo wina mukamadzabisala mudzandiitane, achimwene. Ndaonamo kunsi kwa bedi kuja, malo a anthu awiri alipo."

Ndiye mukandifunsa chimene ndinaphunzirapo, si chachikulu ayi. Ana ndidzawaitanabe, ndipo akadzalephera ndidzanenabe kuti palibe vuto. Koma pobwerera ndidzatsikira pamsika, n'kudzera pamsewu.