Dothi la a Sisita

Nkhani ya dothi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma ndaona kuti n'kudzivutitsa chabe, poti komboni yathu yonse ya Chowa ikuidziwa, mpaka makondakitala a minibasi. Bola ndiifotokoze ndekha, chifukwa anzanga akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Ine ndine mmodzi wa amayi ongodzipereka amene timathandiza pakiliniki ya kwathu kuphunzitsa zaumoyo khomo ndi khomo. Anandisankha chifukwa cha pakamwa. Agogo anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi, ndiye Chichewa ndinachita kuyamwira. Ndinakwatiwa kwa Abemba, Chilenje ndinatola pamsika, ndipo Chizungu ndimachithyola mokwanira kuti atsikana a masiku ano asandijede ndili pomwepo. Amayi a m'dera lathu amanditchula kuti ba Ticha, ndipo kunena zoona dzinali linkandikoma kwambiri.

Chaka chimenecho tinkaphunzitsa za mtovu, poizoni wa m'fumbi la mgodi wakale amene kuno timangoti ledi. Uthenga unali woti ana asamasewere pafumbi, ndipo amayi oyembekezera asiye kudya dothi. Loweruka lina kunkayembekezeka kubweranso gulu loyeza magazi. Ulendo woyamba mabenchi anangokhala okhaokha, ndipo a Sisita Mubita, mkulu wa pakiliniki, anatiuza mosabisa kuti zikachitikanso, oyezawo apita kudera lina ndipo sitiwaona msanga. Chigawo cha amayi oyembekezera anandipatsa ine.

"Vitundu ni vambiri mu Chowa," anatero a Sisita, "koma maso ni amodzi. Osakamba maningi, muziwaonetsa chabe."

Atatero anandipatsa chitsanzo: chibuma cha dothi lija amagulitsa pamsika, lowamba bwino pautsi, chachikulu ngati mbatata, chomangidwa m'pulasitiki.

Chimene a Sisita sankadziwa n'chakuti ineyo ndinali ndi pathupi pa miyezi itatu, poyamba, patatha zaka zinayi za ukwati. Kubanja la amuna anga mimba yoyamba saiulula chisawawa, amadikira akuluakulu aitchule okha mwamwambo. Ndiye ndinali chete, ndikuyenda ndi dothi m'chikwama.

Sabata yoyamba ndinali munthu wa ulemu wake. Ndinkatukula chibumacho m'mwamba n'kumakalipa m'zinenero zinayi. Mtsikana wina woyembekezera wa ku Chililalila amene anadzacheza kwa azakhali ake ndinamuzazira mpaka anagwetsa misozi (Mulungu andikhululukire, ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati ndagwira ntchito).

Sabata yachiwiri ndinatsegula chikwama m'minibasi kuti nditenge foni, ndipo kafungo kautsi kaja kanandipeza. Malovu anadzaza m'kamwa nthawi yomweyo. Ndinadziuza kuti mphunzitsi wabwino ayenera kudziwa chimene akuletsa. Ndinangonyambita. Mawa lake ndinabenthula kakona kamene kanali kale kofuna kugwa. Mkuja wake ndinasiya kudzinamiza, ndinaima kuseri kwa tchalitchi n'kuluma bwinobwino ngati munthu wolipira yekha. Kenako ndinapukuta pakamwa, n'kukagogoda pakhomo lotsatira kukaphunzitsa kuipa kwa dothi, mchenga ukulira m'mano.

Musaganize kuti ndinalibe mantha. Zonse zimene ledi amachita kwa mwana wosabadwa ndinkazidziwa pamtima, ndine ndinkaziphunzitsa. Tsiku lililonse ndinkalumbira kuti lero ndi lomaliza, ndipo tsiku lililonse mbatata ija inkachepa mpaka inafika pa dzira.

Ndinaganiza zokagula china kuti ndibwezeretse. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kumsika kumene ndinkati sandidziwa, duku nditakokera mpaka m'nsidze. Nditangowerama pa thebulo la dothi, wogulitsa anadzuka.

"Ah, ba Ticha! Mwanikonkha na kuno? Mufuna kunivalira bizinesi?"

Anali mayi wa kwathu komweko amene ndinamudzudzula masiku apitawo, ndipo ankaganiza kuti ndamutsatira kudzamutsekera malonda. Ndikanatani? Ndinamuphunzitsanso kwa mphindi khumi zathunthu, maso ali pa katundu wake, n'kubwerera chimanjamanja.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti oyeza abwere, tinaitana msonkhano waukulu pashedi ya pakiliniki. Amayi anabwera ambiri ndithu: Abemba, Alenje, ife a Chinyanja, ndi atsikana obadwira m'tauni amene amasakaniza zonse. Pabenchi yakutsogolo panakhala apongozi anga, bana Chanda, amene sanaphonyepo msonkhano woti mpongozi wawo akuyankhula. Ntchito yanga tsiku limenelo inali yomasulira chilichonse chonenedwa, kuti pasakhale wotsalira.

Zonse zinkayenda bwino mpaka a Sisita anati, "Ba Ticha, chosani chija chitsanzo, chizunguluke bonse baone."

Ndinayamba kufufuza m'chikwama ngati muli zipinda. Ndinatulutsa ambulera. Ndinatulutsa kope. A Sisita anangotambasula dzanja n'kudikira, ndipo mapeto ake ndinapereka kapulasitiki kaja. Anakayang'ana, anandiyang'ana, koma poti ndi munthu wophunzira, anangokapereka kwa mayi woyamba.

Kanayenda manja atatu okha n'kufika kwa bana Mwape, wogulitsa tomato amene diso lake siliphonya kanthu.

"Ba Ticha, si ichi munabwera nacho kunyumba kwanga? Chinali chikulu monga kandolo, mbatata yeniyeni. Manje chayonda bwanji?"

"Makoswe," ndinayankha msangamsanga. "Kunyumba kwathu makoswe avuta."

"Awe shuwa," anatero bana Mwape, akutembenuza pulasitiki. "Makoswe ya masiku ano! Yamasula pulasitiki, yadya, yamanganso bwinobwino?"

Anthu anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Ndikanapulumukabe pamenepo, koma chitsanzo chinafika kwa mayi wina wachikulire wa Chilenje. Iye anachitulutsa, anachilozetsa kudzuwa, anachiyang'anitsitsa, kenako anayankhula mawu ochepa m'chinenero chake. Alenje anayi amene anali naye pafupi anagwa nako kuseka. Ena onse anatembenukira kwa ine, kudikira womasulira.

"Ba Ticha, masulirani," anatero a Sisita, amene Chilenje sachimva. "Tinapangana kuti palibe wosalira."

Apa ndiyenera kukuuzani kuti ndili ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, umene amuna anga amati ndi umene anandikondera. Ndinaphimba pakamwa ndi kope n'kumasulira m'Chinyanja: "Akuti khoswe ameneyu ali ndi mpata m'mano."

"Na mu Chibemba!" anakuwa wina kumbuyo.

Ndinamasulira m'Chibemba. Mtsikana wina wa mawigi anati sanamvetse, ndiye ndinadzipereka ndekha kachitatu m'Chizungu. Sindikudziwa ngati alipo munthu wina amene anawerengapo mlandu wake womwe m'zinenero zitatu, aliyense akuyembekeza nthawi yake yoseka. Shedi yonse inaphulika. Ine ndinkangoona Loweruka likutha: ndani angabwere kudzayezetsa atauzidwa ndi mphunzitsi wodya zophunzitsira?

Kenako apongozi anaimirira, ndipo phokoso linazima. Ndinadziwa kuti zanga zada, poti mimba yoyamba ya m'banja mwawo inali itaululidwa ndi chibuma cha dothi pamaso pa Chowa yense. Anabwera pang'onopang'ono, anamasula chitenje chapamwamba n'kundimanga m'chiuno.

"Uyu ni mwana wanga," anatero, "na chamene anyamula ni changa. Manje imwe mukuseka, amene sanadyeko dothi ali na mimba aimike kwanja."

Palibe dzanja linakwera. La a Sisita linayamba ulendo, koma linakathera kukanda khutu.

Pamenepo ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina. Ndinawauza kuti zoopsa zonse ndikuzidziwa, komabe ndalephera kusiya, ndipo ndili ndi mantha ndi mwana wanga. Ndinati Loweruka ndidzakhala woyamba pamzere, amene akufuna adzandiperekeze. Zimenezi sindinamasulire m'chinenero chilichonse, ndipo palibe anapempha.

Loweruka mzere unatuluka pageti mpaka kumsewu. Bana Mwape anatseka thebulo la tomato n'kubwera ndi ana awo aakazi awiri. Kumbuyo kwanga kunaima mtsikana uja ndinamuliza, atachita kukwera minibasi kuchokera ku Chililalila. Anandikoka chitenje n'kunong'ona: "Ba Ticha, sembe n'nadziwa kuti na imwe mumadya, sembe n'nabwera kudala. N'nali kuyopa kuti muzanikalipira."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuseka konse kwa Lachinayi.

Anandipeza ndi magazi ochepa, ndipo anati nthawi zambiri n'chimene chimautsa chilakolako cha dothi. Ledi nayenso anapezekamo woti ayenera kumuyang'anira. Anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi, apongozi anadzipatsa okha udindo woona kuti ndameza, ndipo mtima unakhala m'malere mpaka tsiku limene mwana wanga wamkazi analira koyamba. Pano akuyenda, ndipo amalongolola kuposa mayi ake.

Kuphunzitsa sindinasiye, koma kukalipa ndinasiya. Ndikalowa pakhomo la mayi woyembekezera ndimayamba ndi kumufunsa kuti amakonda la kumsika kapena la pachulu, ndipo tikatha kuseka m'pamene timakamba za magazi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti chilakolako chinatheratu. Koma mvula yoyamba ikagwa pafumbi la mu Okutobala, ndimapezeka ndaima pakhomo, mphuno zili m'mwamba, ndikumeza malovu. Chaka chatha apongozi anandipeza choncho. Anangondigwira paphewa, kundilowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko.