Ndime Yamasiye

Lolemba, ku Nachisaka

Ndime yachinayi yapambana ndime zonse pamunda wa Mayi Nangozo. Ndayeza kawiri. Ndasintha mabatire a sikelo, ndayezanso. Yapambanabe.

Vuto ndi lakuti ndime yachinayi ndi ija sindinathiremo kanthu.

Ndilembe zonse mwadongosolo, mwina ndiona pamene mutu wasokonekera. Kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri ndi wosavuta. Minda itatu: uno wa ku Nachisaka, wina ku Dzoole, wina kuseri kwa Ntchisi Boma. Munda uliwonse ndinaugawa panayi:

1. feteleza yekha
2. manyowa okha
3. feteleza theka, manyowa theka
4. chimanga chokhachokha, popanda chilichonse

Ntchito ya ndime yachinayi ndi kuvutika. Ndiyo muyeso wa zinzake. Ikapanda kuvutika, sindinganene kuti manyowa athandiza, chifukwa wina adzafunsa kuti athandiza poyerekeza ndi chiyani, ine n'kungoti kukamwa yasaa.

Yunivesite inandipatsa dzinja limodzi. Mvula yatha. A Pulofesa amene amayang'anira ntchito yanga akubwera Lolemba likudzali kudzaona zokolola, kenako andilole kuyamba kulemba. Akapanda kundilola, zaka ziwiri zapita.

Dongosolo la sabata: lero ndi mawa kuno, Lachitatu ku Dzoole, Lachisanu ku Ntchisi, Loweruka kuwerengetsera, Lamulungu kupuma.

Zimene zingachititse chodabwitsachi:
- sikelo yafa (ayi)
- matumba asokonezeka (ayi, manambala ndinalemba ndekha)
- pamalopo panali chulu chakale

Mabuku amavomereza chulu. Chikhale chulu chonde.

A Kachingwe, alangizi a zaulimi a dera lino amene amandithandiza, tsiku lonse akungoyang'ana mitambo, chonsecho kumwamba kuli mbee. Akuti, "Nthaka ya kuno, madamu, ili ndi zake."

Lachiwiri

Palibe chulu.

Ndakumba mapando khumi. Phando lililonse muli nthenga za nkhuku. Nkhuku sizikwirira nthenga zake pamzere, motalikana mofanana.

Mayi Nangozo ndawapeza akuswa mtedza pakhonde. Ndinakonzekera kufunsa mozungulira. Sizinafunike.

"Eya, ndinathira. Zitosi kamodzi, feteleza kawiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Musavutike n'kuthokoza, mwanangu."

Feteleza wake ndi wa iwo eni, anachita kumana munda wawo wakudambo. Ndime yanga yosathira kanthu ndiyo yadya bwino kuposa ndime iliyonse m'mudzi muno!

Ndawakumbutsa kuti tisanabzale ndinafotokoza katatu, pamaso pa anthu, ndi zojambula zomwe.

"Tinamva bwinobwino. Tinangoona kuti mwalakwitsa. Nanga mwana wa eni ake wachokera kutali, n'kumutsutsa pagulu?"

Kenako andilozera ndi chibwano. Ndime yachinayi ili m'mphepete mwa njira yopita kutchalitchi. Pakona pake pali chikwangwani chachitsulo, zilembo zikuluzikulu: MUNDA WA MAYI NANGOZO. Amuna awo anamwalira chaka chathachi, ndipo lino ndi dzinja lawo loyamba kulima okha. Akuti pofika Januwale chimanga chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo, ndipo anthu opita ku Misa anayamba kuchitcha ndime yamasiye. Alamu awo anabwera ndi lichero la ufa, nkhope yachisoni, kudzafunsa ngati akufuna thandizo.

"Chikwangwani munazika ndinu. Dzina ndi langa. Inu munali kutauni."

Mfundo ziwiri, ndizilembe ndisanaziiwale mwadala:
- Malo a ndime iliyonse anasankhidwa ndi timapepala ta m'chipewa, monga mabuku amanenera, kuti pasakhale kukondera. Chipewa ndicho chinaika ndime ya njala pamsewu.
- Chikwangwani ndinalembetsa ndine, chifukwa ku dipatimenti amakonda zithunzi zokhala ndi chikwangwani.

Kwatsala minda iwiri. Iwiri ingakwane. Buku lake likhala lowonda, koma likhala buku.

Lachitatu, ku Dzoole

Munda wa Bambo Chimphonda uli kutali ndi njira iliyonse. Ndalimba mtima.

Ndisanatsike n'komwe panjinga yamoto ndafunsa ngati anathira kanthu mu ndime yachinayi.

"Pali Mulungu, madamu, ngakhale kambewu kamodzi ka feteleza. Lamulo lanu ndinasunga."

Akunena zoona. Sanathiremo feteleza. Sanathiremo manyowa. Mulibenso chimanga.

Mbatata! Mizere yosalala bwino, masamba ali biriwiri.

Akuti ataona kuti chimangacho sichipita kulikonse, anachizula, n'kuunda mizere, n'kuwokeramo mbatata mvula isanathe. "Za feteleza munaletsa. Za mbatata simunanenepo." Ndawerenga pepala la mgwirizano limene tinasainirana, masamba onse atatu. Za mbatata mulibedi.

Ndafunsa ngati akukumbukira kutalika kwa chimanga pamene ankachizula. Aika dzanja m'chiuno, kenako alitsitsa pabondo, kenako andiyang'ana kuti aone pamene ndikufuna. Sindinalembe.

Ndapempha kuona choyezera mvula chimene ndinawasiyira, pamodzi ndi kope lake. Alowa m'nyumba. Atuluka nacho chili m'katoni yake, chonyezimira ngati chagulidwa lero. Kunja kukachita mdima wa mvula, ankachilowetsa.

"Katundu wa yunivesite sanganyowe ali m'manja mwanga."

Kope nalonso ndi louma, loyera, lopanda ngakhale banga.

Andipatsa dengu la mbatata kuti ndikadye ndi anzanga a kusukulu. Ndayeza ndime zitatu zotsalazo, poti sikelo ndabwera nayo kale. Ntchitoyi ili ngati yosoka malaya a munthu amene sunamuyeze.

Mbatata zake n'zokoma. Izinso zikundinyansa.

Lachinayi, paulendo wa ku Ntchisi

Tsiku lonse lathera m'njira. Mvula inasiya kale koma maenje ake inawasiya. Sikelo ndaifungata pamiyendo ngati khanda. Wa njinga yamoto amene wandinyamula akufunsa ngati ndimagula soya, ndipo ndikugula pa mtengo wanji. Ndati ndine wa kafukufuku. Akuti, "Oo, ndiye simugula kanthu?" Sanandiyankhulenso.

Pamwamba pa chitunda foni yagwira netiweki. Mafoni awiri.

Yoyamba, a Pulofesa. Akufunsa zotsatira. Ndati n'zochititsa chidwi. Silinali bodza. Akondwa kwambiri, akuti abwera ndi kamera, ndipo chithunzi choyamba chikhale cha pa chikwangwani.

Yachiwiri, Tadala, mnzanga wa chipinda chimodzi, amene amaphunzira za chikhalidwe cha anthu. Ndamufotokozera za nthenga ndi mbatata. Waseka mpaka kutsamwa.

"Iwe, ameneyo ndiye kafukufuku! Undipatse manambala a foni a anthu akowo. Ine pamenepo ndipezapo machaputala atatu."

Kwa iwo munthu akakuwonongera ntchito, ndiye kuti wakupatsa zolemba. Kwathu ku zanthaka, wangokuwonongera ntchito. A zamankhwala amatsekera makoswe awo m'zikwere. A zomangamanga amaphwanya njerwa m'makina, ndipo palibe amene amamvera njerwa chisoni n'kuiwonjezera simenti eni ake atatembenuka. Ine ndinasankha chimanga, mbewu yokhayo m'dziko muno imene aliyense ndi pulofesa wake.

Watsala munda umodzi. A Gama, mphunzitsi wopuma ntchito. Munthu wa wotchi, wa kope, wolemba tsiku pamwamba pa tsamba. Ngati pali munthu amene anamva, ndi iwowo.

Lachisanu, kwa a Gama

Ndime yachinayi ilipo! Yaimirira, palibe waikhudza. Mapesi oonda ngati bango, zisononkho zonga chala chamanthu, zina zopanda ndi njere yomwe. Kaufiti wamera paliponse. Sindinaonepo chimanga chomvetsa chisoni chotere, ndipo sindinakondwepo chonchi chiyambire sukuluyi. Ndachijambula mbali zonse.

"Anthu anandinena, mwanawe, koma ndinati sayansi ndi sayansi," akutero a Gama.

Ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

Kenako ndatembenuka. Ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu: mbee. Mapesi okhaokha ali lambalamba, mbuzi zili m'kati.

Kuno anthu akamaliza kukolola amamasula ziweto tsiku limodzi, mudzi wonse. Tsikulo linali Loweruka lapitali. Mbuzi siziwerenga dongosolo la yunivesite. A Gama anakolola ndime zitatu zija Lachisanu lake kuti apulumutse chimanga changa. Ndime yachinayi anaitchinga ndi minga, poti ndinanena kuti imeneyo asaikhudze zivute zitani.

Ndafunsa kuti chimanga cha ndime iliyonse chili pati. Anditengera kunkhokwe. Imodzi. Anachisankha mosamala kwambiri: zisononkho zazikulu pansi, zapakati pakati, zazing'ono pamwamba kuti zidyedwe msanga.

"Koma ndinalemba," akutero, akutsegula kope.

Tsiku lilipo. Nthawi ilipo. Pansi pake, m'zilembo zokongola za aphunzitsi akale: "Ndime 1, chambiri. Ndime 2, chambiri ndithu. Ndime 3, chambiri zedi."

Ndakhala pansi pa nkhokwe kwa kanthawi. Mayi Gama andibweretsera madzi.

Zimene ndili nazo tsopano:
- ku Nachisaka: ndime zitatu zabwino, yachinayi yokhuta
- ku Dzoole: ndime zitatu zabwino, ndi mbatata
- ku Ntchisi: ndime yachinayi yabwino koposa, yopanda choiyerekeza nacho

Loweruka, ku Ntchisi Boma

Tsiku lowerengetsera. Ndakhala pakhonde la nyumba ya alendo, kompyuta pamiyendo, mbatata yootcha pambali.

Aliyense wodziwa kuwerenga aona zimene ndaona. Ku Nachisaka kukusowa nambala imodzi. Ku Ntchisi kwatsala nambala imodzi. Ndatenga nambala ya a Gama, ndaiika mumzere wa Mayi Nangozo. Kungoyesa.

Chithunzi chake chatuluka chokongola kwabasi. Mizati inayi yokwera bwino ngati masitepe. Feteleza theka ndi manyowa theka pamwamba, monga ndimayembekezera, monganso a Pulofesa amayembekezera. Ndachiyang'ana mpaka mbatata yazizira.

Ndafufuta. Nthaka ya kwa a Gama ndi katondo wa m'phiri, ya kwa Mayi Nangozo ndi yakuda, ndipo mvula sinagwe mofanana. Nambalayo ikanakhala yabodza, ndipo wina akanadzauza mlimi weniweni kuti achepetse feteleza chifukwa cha iyo. Komanso, ndinene zoona, Mayi Nangozo sangasunge chinsinsi cha ntchito imene akuinyadira.

Masana ndakumana ndi a Kachingwe pamsika, abwera kudzagula tcheni cha njinga. Ndawafunsa kuti za zitosi anazidziwa liti. Nthawi ino sanayang'ane mitambo.

"Matumba ake ndinanyamula ndine, madamu."

Apitiriza:

"Inu mumabwera kamodzi pamwezi. Ine ndimakhala komweko. Anthu akaona chimanga chachikasu pamsewu, safunsa za yunivesite, amafunsa kuti mlangizi wake ndani. Mukanatifunsa, tikanakuuzani kuti ndime yonyansa ikhale kuseri, ndipo musalembepo dzina la munthu."

Ndati malo anasankha ndi maere, kuti pasakhale kukondera.

"Chipewa chija? Chimapemphera kuti chipewacho?"

M'mabuku onse amene ndawerenga pa zaka ziwirizi, palibe limene lili ndi mutu wonena za njira ya kutchalitchi. Ndayang'ana.

Lamulungu, ku Nachisaka

Ndabwerera kudzayembekezera a Pulofesa. Mayi Nangozo anditenga ku Misa, akuti mlendo satsala pakhomo yekha. Tadutsa pa chikwangwani. Lero ndachiwerenga chonse, mpaka pansi. Pansi pa dzina lawo ndinalembetsa ndekha: NDIME 4, POPANDA FETELEZA, POPANDA MANYOWA.

Kuyambira Febuluwale mudzi wonse wakhala ukuwerenga mawu amenewa pamwamba pa chimanga chokongola kuposa chonse m'deralo.

Potuluka m'tchalitchi andizungulira. Amayi anayi akufuna kulembetsa chaka chamawa, onse akufuna "njira ya nambala folo." Bambo wina wa jekete akuti iye wasankha kale, feteleza sagulanso, poti a yunivesite atsimikiza.

Ndiye kafukufuku wanga watulutsa phunziro limodzi, lafalikira popanda msonkhano, ndipo ndi labodza.

Ndaima pamasitepe, ndanena mokweza kuti ndime ija inathiridwa zitosi ndi feteleza, ndipo wosathira kanthu adzakolola zimene a Gama akolola ku Ntchisi. Ndaonetsa zithunzi pafoni. Foni yayenda m'manja, anthu akupukusa mitu. Ndimaopa kuti Mayi Nangozo achita manyazi. Akonza chitenje, akweza mawu kuposa ine.

"Kawiri feteleza, musaiwale. Pondiona ine ndekhandekha."

Anthu awaombera m'manja. Bambo wa jekete akuti ndiye a yunivesite analemberanji zabodza pachitsulo. Funso labwino. Ndi lokhalo la sayansi limene ndamva sabata yonse.

Chikwangwani ndazula ndekha, ndi khasu lobwereka. Chili kuseri kwa khola la nkhuku, chayang'ana kukhoma.

Kalata yopempha dzinja lina ndalemba, tsamba limodzi, mulibe dandaulo. Ndaikamo kuti ndime yachinayi idzakhala kuseri, yopanda dzina, ndi kuti za mbatata zidzalembedwa. Sindikudziwa ngati dzinja limaperekedwa kawiri. Tadala watumiza uthenga kachitatu kufunsa manambala aja.

A Pulofesa afika mawa cha m'ma 10 koloko, ndi kamera. Mayi Nangozo asesa bwalo, asankha kale tambala woti aphe, ndipo apempha kuti ayambe ndiwo kuyankhula, kuti abwana amve mmene anapulumutsira munda wa mwana wawo wa sukulu.