Kiyi Nambala Seveni

Inu, tamverani za a Makiyi, bambo amene ankayang'anira makompyuta pa kampani ina ya malole. Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa m'chiuno mwawo munkalendewera mulu wa makiyi woti akamatsika masitepe, ngwerengwere, aliyense ankabisa foni n'kuyamba kuoneka wotanganidwa.

Kuseri kwa ofesi yawo kunali chipinda chozizira cha zitseko ziwiri. Mmenemo munali maseva, makompyuta akuluakulu osenza ntchito ya kampani yonse, magulu atatu, lililonse m'kabati yakeyake. Munthu kapena pulogalamu yofuna kulankhula ndi masevawo inkapatsidwa kiyi yachinsinsi yokhala ndi nambala. Mukafunsa kuti mndandanda wa eni manambalawo uli kuti, a Makiyi ankagogoda pachipumi.

"Zonse zili muno. Kulemba papepala n'kuitana akuba."

Lolemba lina makina anachita kaulesi pang'ono chabe, koma abwana anadandaula. A Makiyi anapinda manja a malaya n'kulemba pulogalamu yoti izigogoda pa gulu lililonse la maseva n'kufunsa kuti, ndani akudya mphamvu zochuluka? Mayankho ankaoneka pa sikirini yaikulu m'chipinda chamisonkhano, kiyi iliyonse ndi mzere wake.

"Anzathu m'makampani ena amafunsa kamodzi pa mphindi zisanu," anatero akukoka lamba. "Yangayi ikufunsa sekondi iliyonse. Ngakhale nyerere itadutsa, ndiiona."

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Pofika Lachitatu makina aja anali ngati nkhalamba pachitunda. Mayi a Maulendo, amene ankagawira madalaivala njira, akadina batani ankapita kukamwa madzi, kufunsa mnzawo za mwana wodwala, n'kubwerako kupeza kachizindikiro kakuzungulirabe. Malole ali ndii pabwalo. Pa sikirini, mzere umodzi wofiira unatalika kuposa ina yonse kuphatikiza: kiyi nambala seveni.

"Seveni ndi ndani?" anafunsa abwana.

A Makiyi anagogoda pachipumi, koma m'katimo simunayankhe aliyense.

"Tikumufufuza mwakachetechete, bwana, asatulukire."

"Lachisanu masana ndimuone. Apo ayi, makiyi onsewo mupereke kwa Mayi a Maulendo. Nawonso anaphunzira zamakompyuta."

Abale, kupereka makiyi! Zaka khumi ndi zinayi akulira nawo m'chiuno! A Makiyi anaganiza kuti wakubayo ndi wochenjera, amaba pakati pa sekondi ndi sekondi inzake, ndiye anauza pulogalamu kuti izifunsa kakhumi pa sekondi. Mzere wofiira unakula mpaka kukagunda m'mphepete mwa sikirini.

"Mwaona? Wadziwa kuti tikumusaka, ndiye wayamba kudya ndi manja awiri!"

Lachinayi anayamba kuyendera anthu. Anatsekera a kosungira katundu kiyi yawo: mzere uli pomwepo, katoni za sopo zinapita kwa wogula matayala. Anatsekera makaniko: mzere uli pomwepo. Anatsekera makina a pageti, ndipo abwana enieniwo anaima kunja theka la ola akuimba hutala, mlonda akuwauza mwaulemu kuti makina sakuwadziwa. Potsiriza anafika pa desiki ya Mayi a Maulendo.

"Mayi, kompyuta yanuyi simuonerapo mafilimu?"

"Achimwene, ikulephera kutsegula kalata, ndiye filimu ingayende?" Anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi kapulogalamu kanu kaja kamalowa ndi kiyi yanji?"

"Zimenezo n'zachitetezo, simungazimvetse," anatero a Makiyi n'kuchokapo, funsolo osalilowetsa n'komwe m'khutu.

Lachisanu masana chipinda chinadzaza, madalaivala mpaka pakhomo. A Makiyi anali atavala tayi. Dzina la wakubayo analibe, koma nzeru anali nayo.

"Bwana, ndithyola kiyi seveni pompano. Amene alire kuti ntchito yanga yaima, ndi yemweyo. Choipa chitsata mwini! Ndipo ndikupempha kuti munthu wotereyo asadzakhudzenso maseva pa kampani pano."

"Zimenezo ndavomera," anatero abwana.

Anakweza chala m'mwamba kuti onse achione, n'kudina.

Sikirini yaikulu ija inangoti bii.

Palibe amene analira. M'malo mwake, kuchokera m'maofesi munamveka phokoso la chisangalalo: "Yatseguka! Yayenda!" Makina osindikiza anayamba kulavula mapepala a masiku anayi. Pabwalo lole yoyamba inalira.

A Makiyi anayang'ana mdima wa pa sikiriniyo, ndipo pamenepo chipumi chija chinayankha tsopano. Seveni! Anaipereka okha kwa pulogalamu yawo ija, Lolemba, akuimba kamluzu. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Abwana anawagwira chanza ndi manja awiri.

"Mwagwira ntchito! Koma TV yazima bwanji? Iyatseni tione mmene zinthu zakomera, mutiuzenso dzina la mbavayo."

"Bwana, imafunika ipume kaye."

"Iyatseni, achimwene," anatero Mayi a Maulendo mokoma ngati akupereka moni. "Tonse tione."

Nanga akanatani? A Makiyi anabwezeretsa kiyi ija. Sikirini inawala, mzere wofiira unatumphuka, ndipo m'maofesi chisangalalo chija chinasanduka kutukwana.

"Wabweranso!" anakuwa abwana, maso ali mwazumwazu. "Ali kuti? Tsekani zitseko asathawe!"

Mayi a Maulendo anatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba, cha m'chiuno mwa a Makiyi.

"Sangathawe, bwana. Ndi mulu umenewu, angathamange osamveka?"