Kagalimoto Kadizilo Kamene Sikanafune Kukhala Pachilumba

Mpaka lero ku msika wa ku Chipyela kuli amayi ena amene akandiona ndikubwera amayamba kutsokomola dala, kwinaku akukupiza mpango kumaso. Ine ndimawapatsa moni bwinobwino ngati sindikudziwa chimene akutanthauza. Koma ndikudziwa, ndipo poti nkhaniyi ena amaikamba mokokomeza, ndati ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Ndili ndi kagolosale kakang'ono pafupi ndi msika. Sitima ya panyanja ikafika kuno kuchilumba, katundu wanga ndinkachita kupempha anthu kuti andisenzere, ndiye tsiku lina ndinaganiza zogula galimoto. Osati yaikulu ayi, koma timagalimoto tija tating'ono ta chitseko chotukula kumbuyo, toti ukapinda mipando matumba a shuga amalowa. Ndinkafuna ya dizilo chifukwa ndinamva kuti simwa mafuta ambiri. (Ndinamva kwa ndani? Kwa munthu wina pa sitima, amene ngakhale njinga alibe.)

Ndili ndi amalume anga, a Barnaba, amene anagwira ntchito pa galaja ku Joni zaka zambiri, ndipo pano amakonza mainjini a maboti. Ndinapita kukawauza, osati kukafunsa nzeru, koma kuti andiyamikire.

"Ya dizilo yamakonoyi?" anafunsa, akupukuta manja ndi kansanza. "Ukaithamangitsa kuti, mphwanga?"

"Kuno komwe kuno, amalume."

Anaika kansanza kaja pansi. Kenaka anati ngati ndatsimikiza, ndikaione m'mawa isanalizidwe, ndipo ndiike dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, ndiye kuti mwini wake wailiza kale pofuna kubisa kuti imavuta kudzuka. Ndikayang'anenso utsi wake. Ndipo ndikatembenuza kiyi, timagetsi tonse ta pa dashibodi tiyake kenaka tizime. Kamene katsale koyaka ndiko kakunena zoona. Anati atha kundiperekeza ku Mzuzu. Ndinakana. Ndinati ulendo wa panyanja ungawatopetse, koma kunena zoona sindinkafuna kuti wogulitsa aone ngati ndabwera ndi wondigwira dzanja.

Ku Mzuzu wogulitsayo anali bambo wansangala wovala nsapato zosongoka. Tinapangana kuti ndimupeze kwake m'mawa, koma anandiimbira kuti ndisavutike, abwera nayo komwe ndinagona. Inafika ikulira kale, yabuluu, yonyezimira. Ndinaika dzanja pa boneti monga anandiuzira amalume. Inali yofunda.

"Ndi dzuwa limeneli, bwana," anatero.

Ndinavomera. M'mawa umenewo ku Mzuzu kunali chifunga ndi kamvula kowaza, ine nditavala majuzi awiri.

Vuto langa ndi lakuti ndimakonda kudziwa mmene zinthu zimayendera, koma chidwicho chimathera pa zinthu zolakwika. Nthawi yoti ndiyang'ane utsi ndinaithera pa kabatani kotsitsa magalasi. Ndinatsitsa, kukweza, kutsitsanso, ndikufunsa kuti kamota kake kamakhala pati. Pa dashibodi, cha kumanzere kwa geji ya mafuta, panali kapepala komata kolembedwa kuti "Zonse ndi chisomo". Ndinati m'mtima, munthu wopemphera uyu, sangandinamize. Tinaiyesa pa msewu wa tala ndipo inathamanga bwino kwambiri. Ndinagula.

Tsiku limene inatsika m'sitima, anthu anasiya kuyang'ana katundu wawo n'kumayang'ana ine. Milungu itatu yoyamba ndinali munthu. Kuchoka kunyumba kupita ku golosale, mtunda woti mwana amathamanga osapuma, ndinkapita pa galimoto. Kukagula nsomba, pa galimoto. Ndi m'masiku amenewo mmene mlamu wanga Marita, mng'ono wa akazi anga, anabwera kudzandipempha kuti pa tsiku la ukwati wake ndidzamutenge ndine kupita naye kutchalitchi. Iye amakhala ku Yofu ndi amayi ake, ndipo mwamuna wake ndi wa kutsidya, ku Mozambiki.

"Mudzafika ngati mkazi wa nduna, alamu," ndinalonjeza, anthu akumva.

Kenaka Lamulungu lina masana, nditakhala m'galimoto osapita kulikonse, chala changa chinayamba kukanda kapepala kaja. Ndinkangofuna kuona ngati kamamatuka. Kanamatuka. Pansi pake panali kagetsi kachikasu, kojambulidwa ngati kabokosi kokhala ndi timadontho, kakuyaka mwakachetechete. Sindikudziwa kuti kanayamba liti.

Ndinakawatenga amalume. Anasuzumira, n'kuseka chamumtima.

Anandifotokozera kuti magalimoto a dizilo amakono ali ndi sefa mu paipi ya utsi, imene imagwira mwaye. Sefayo imadziyeretsa yokha, koma pokhapokha injini itatentha kwambiri, galimoto ikuthamanga osaima kwa theka la ola kapena kuposa. Ukamangoyenda timaulendo tifupitifupi, mwaye umangodzaza mpaka injini imabanika.

Kunena zoona, ndinachita chidwi kwambiri moti ndinaiwala kuti vutolo ndi langa. Ndinafunsa kuti mwayewo umapita kuti ukapsa, sefayo ndi yopangidwa ndi chiyani, galimoto imadziwa bwanji kuti yadzaza.

"Funso limene ukuyenera kufunsa ndi limodzi," anatero amalume. "Pachilumba pano, msewu wothamanga theka la ola osaima uli kuti?"

Ukwati unali utatsala masiku asanu ndi limodzi.

Choyamba ndinaganiza kuti msewu waufupi ukhoza kutalika ngati ukuubwereza. Ndinasankha chigawo chowongoka pang'ono, n'kuyamba kupita ndi kubwera pa giya yachiwiri, injini ikubangula. Koma kuno sungadutse munthu wamkulu ali ndi mtolo pamutu osaima. Ulendo woyamba ndinanyamula agogo ena opita kuchipatala. Wachiwiri mbuzi zinagona pamsewu. Wachitatu agogo aja anali akubwerera. Pofika madzulo ndinali nditanyamula anthu ambiri kuposa masiku onse, sefa ili chidzadzire, ndipo mbiri inali itamveka kale kuti ndayamba kunyamula anthu ulere chifukwa ndikufuna kudzaima pa chisankho.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye ndinadziona kuti ndine wanzeru, ndinakumbukira bwalo la ndege. Palibe malo ena owongoka ngati amenewo pachilumba chonse. Ndinapita m'mawa, nditavala jekete, n'kumufotokozera mlonda nkhani yonse ya mwaye. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Ndamva, bambo," anatero. "Koma galimoto yanuyi ili ndi mapiko?"

"Ilibe."

"Ndiye ikadzamera mudzabwere."

Chachitatu amalume anachikaniratu, koma ine ndinachita Lachisanu iwo atapita ku Mbungo kukakonza boti. Ndinaganiza kuti galimoto siona msewu, imangomva matayala akuzungulira. Ndinaikweza kutsogolo pa njerwa ndi zipika kuseri kwa nyumba, matayala ali m'malere, n'kulowa, kuika giya, kuponda moto. Inanjenjemera yonse. Timagetsi tina titatu, timene sindinatione n'kale lonse, tinayaka. (Kamodzi kanali kooneka ngati galimoto ikuterereka, ndipo ndinakayang'anitsitsa ndithu chifukwa kanajambulidwa mwaluso.) Chimene sindinayang'ane ndi kumbuyo. Paipi ya utsi inaloza pa thandala pamene akazi anga anayanika chinangwa cha ufa wa paukwati.

Ndinangomva wina akugogoda pa galasi. Ndinatsitsa.

"Bambo a Lute," anatero akazi anga, mawu ali pansi, "tatsikani mudzaone."

Chinangwa chonse chinali chotuwa, chikununkha dizilo. Akazi anga sanakalipe. Anangotenga dengu n'kupita kukapempha china kwa anzawo, khomo ndi khomo. Ndikanakonda akanakalipa.

Loweruka m'mawa galimoto inavuta kulira, koma inalira. Atsikana anaimangirira maliboni. Ndinakamudikira Marita pamene njira ya ku Yofu imakumana ndi msewu, ndipo anatulukira atavala diresi loyera, amayi a kwaya akumuimbira m'mbuyo. Anakhala kumbuyo ndi mtsikana womugwirira diresi. Panali changu ndithu: abale a mkwati anabwera pa boti, ndipo mwini boti ananeneratu kuti mphepo ya mwera ikayamba masana iye sadikira munthu.

Tinanyamuka bwino. Ndinaliza hutala kawiri. Koma titafika pa kachitunda kena ka pafupi ndi mlambe waukulu, galimoto inangofooka. Ndinaponda moto mpaka pansi, iyo ikungokwawa. Amalume anandiuza pambuyo pake kuti injini ikaona kuti yabanika imadziletsa yokha mphamvu kuti isaonongeke. Panthawiyo ine ndinkangoona pagalasi amayi a kwaya, amene tinawasiya kutali, akuyandikira. Anatipeza. Ndi pamene galimoto inatulutsa chiutsi choyera chonunkha, chimene chinawakuta onse pakati pa nyimbo. Nyimbo inaduka. Kunangomveka kutsokomola. Kenaka anatidutsa, ena mbali iyi ena mbali iyo, mayi wina wa ndodo ali pambuyo, nayenso n'kutidutsa.

Marita ndi mwana waulemu. Anapirira mpaka belu la kutchalitchi linalira kachiwiri.

"Alamu," anatero, "mwayesetsa. Ndiloleni nditsike."

"Ikoka pompano, alamu."

"Ndikudziwa. Koma akuchimuna akaona ngati ndasintha maganizo."

Sanadikire kuti ndiime, poti panalibe kusiyana kwenikweni. Anatsegula chitseko, kukwinya diresi lake m'manja, kuvula nsapato zazitali, n'kuyamba kuyenda. Amayi aja anamuika pakati n'kuyambiranso nyimbo ndi mawu osasa. Ine ndinatsala ndi maliboni.

Ndinafika kutchalitchi anthu akutuluka, mphete zitavekedwa kale. Galimoto inazima yokha pafupi ndi chipata, ndipo anthu a kutsidya, posadziwa chimene chachitika, anajambulitsa zithunzi ataitsamira. Pa zithunzi zaukwatiwo imaoneka bwino kwambiri. Amalume anabwera, n'kuima pambali panga, manja ali kumbuyo. Sananene kuti anandiuza. Anangofunsa ngati ndadya.

Patapita mwezi galimoto ija ndinaikwezanso sitima. Msuweni wanga wa ku Mzuzu anaitenga, anakatsukitsa sefa ija ndi kusintha tina ndi tina, ndipo pano imanyamula anthu pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay tsiku lililonse. Akuti sinayatsenso kagetsi ngakhale kamodzi. Ndinakweramo ulendo wina, kumpando wakumbuyo, pakati pa mayi wa nthochi ndi bambo wina wonenepa, ndipo inakwera mapiri aja osapumira. Zinandiwawa pang'ono.

Ngati mukufuna kugula galimoto ya dizilo yogwirapo kale ntchito, pitani ndi munthu wodziwa, ngakhale akhale wokalamba wotopa ndi sitima. Ndipo musanafunse kuti galimotoyo ikuchitirani chiyani, funsani kaye kuti iyo ikufuna chiyani kwa inu, chifukwa zina zimafuna msewu umene kwanu kulibe. Ine phunziro ndinalitenga. Pano katundu wa ku golosale ndimanyamula pa wilibala, ndipo palibe chimene chingabisike m'chinthu cha tayala limodzi. Kungoti sabata yatha inayamba kulira ikamayenda, ndiye ndinachotsa tayalalo kuti ndingoona chimene chikulira. M'kati mwake munatuluka timipira tachitsulo tambirimbiri. Tina tili m'kapu pa alumali, tina nkhuku zinatola, ndipo sitima ikufika mawa.