Pusi wa pa Mponela ndi Mabokosi Ake

Mwambi uja wa pusi wogwa chagada chiyambi chake n'chotere, ana inu, ndipo musamvere zoti unachokera kwa pusi wam'tchire. Ndani anamvapo pusi wam'tchire akulankhula? Pusi wake anali munthu, wandevu zake, wapabanja pake, ndipo mchira anachita kumusokera.

Pa Mponela panali bambo wina dzina lake a Lakiyoni, wokonza mafoni ndi mawailesi. Mkazi wawo, Nachisale, anali telala pakhonde la okala yomwe mwamuna wake ankagwiriramo ntchito. Mwana wawo woyamba anali Tiyese, choncho ankaitanana kuti bambo a Tiyese, mai a Tiyese. Mutu wa a Lakiyoni unali wakuthwa ndithu, koma wosakhazikika, ngati nkhuku yofuna poikira.

Tsiku lina bamboyu anatola zam'kati mwa makompyuta akufa, nazilumikiza m'kabokosi kamatabwa. Ukalumikiza bokosilo ku TV n'kulowetsa khadi la gemu pakamwa pake, pagalasi pankatuluka pusi akuba chimanga, mwini munda ali pambuyo ndi legeni. Wosewera ndiye ankamuthawitsa pusiyo ndi zala. Ana anapenga nayo gemuyo, akuluakulu nawonso ankanamizira kuperekeza ana. Bokosilo analitcha Pusi, ndipo linayenda malonda mpaka ku Madisi ndi ku Dowa.

Wogulitsa anali Nachisale, pakuti mwamuna wake ankakhalira kuwotcherera mawaya kuseri. Ntchito yake inali yosavuta. Ankangoimitsa makina osokera n'kunena kuti, "Bokosi ili, khadi ili, chingwe ichi. Pitani bwino."

Koma kuseri kwa depoti ya mabasi kunali mmisiri wina, a Dafuta, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akutafuna nzimbe. Nayenso anapanga bokosi lake, lakuda, losaoneka bwino, longa njerwa yopsereza. A Lakiyoni atamva kuti bokosi la a Dafuta likuonetsa mitundu yowala kuposa lawo, chakudya chinasiya kuwakomera. Anadzitsekera kuseri, ndipo atatuluka ananyamula kanthu kozungulira.

"Mai a Tiyese, taonani. Ichi n'Chipewa. Chimakhala pamutu pa Pusi, mitundu n'kuwala."

"Ndiye amene ali ndi Pusi agule Chipewa?"

"Eya."

"Amene alibe Pusi?"

"Ayambe wagula Pusi, kenako Chipewa."

"Makhadi akale aja alowa m'Chipewamo?"

"Ayi, Chipewa chili ndi makhadi akeake."

"Nanga akafuna gemu yakale ija?"

"Avule Chipewa."

Nachisale anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana Chipewa, nati mumtima mwina nzeru za amisiri zimayenda choncho. Anayamba kugulitsa.

Anthu asanazolowere kuvala ndi kuvula, a Lakiyoni anamvanso kuti bokosi la a Dafuta likumveka mawu bwino. Anatulukanso kuseri kuja ndi chinthu china chachitali, cholumikiza kumbuyo kwa Pusi.

"Uwu ndi Mchira. Umatulutsa mawu."

Tsopano makhadi anakhala amitundumitundu. Ena ankafuna Pusi yekha, ena Chipewa, ena Mchira, ena Chipewa ndi Mchira pamodzi. Nachisale, pofuna kuti asasokonezeke, anatenga tizidutswa tansalu n'kumamangirira pamakhadi: kofiira ka Chipewa, kobiriwira ka Mchira, kamaluwamaluwa ka zonse ziwiri. Nsalu yofiira itatha anaika yapinki, kenako anaiwala ngati yapinki ikuimira yofiira kapena yamaluwamaluwa. Wogula akafunsa, iye ankayamba kufotokoza bwinobwino, pakati pa nkhani n'kupeza kuti wasochera, n'kubwerera poyambira.

Mai wina wa ku Dowa anafika atasenza zonse zitatu mubeseni, nazitula pakhonde.

"Anzanga, kwathu soketi ndi imodzi. Pusi pulagi yake, Chipewa pulagi yake, Mchira pulagi yake, TV pulagi yake. Kodi kuti mwana asewere, ndikapemphe magetsi m'nyumba zingati?"

"Pepani, amai. Mwina mugule ekisitenshoni."

"Imeneyonso mwapanga? Imakhala pati, pamimba?"

Nachisale anangomusokera maiyo zipi ya chikwama ulere kuti mtima utsike.

Choopsa chinabwera Zipewa zisanathe n'komwe. Pashelefu zinali mbwee, Michira ili lendelende pamisomali, pamene a Lakiyoni anatuluka akumwetulira, atafungata bokosi lalikulu lopaka utoto wasiliva.

"Uyu ndi Pusi Wamkulu. Safuna Chipewa, safuna Mchira. Zonse zili m'kati."

"Zikomo Ambuye," anatero Nachisale. "Ndiye makhadi onse aja alowa mmenemu?"

"Salowa. Wamkulu ali ndi akeake."

"Alipo angati?"

"Pakali pano limodzi. Ena akubwera."

"Nanga Zipewa zadzaza apazi?"

"Muzigulitsabe."

"Munthu akandifunsa kuti agule chiti, ndimuuze chiyani?"

"Mumuuze kuti zonse n'zabwino."

Nachisale anachotsa phazi pamakina. "Bambo a Tiyese, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma tandiyankhani. Ndisoke diresi ndigulitse. Mawa ndimuitane mwini wake kuti bwerani mugule mikono. Mkuja ndimuitanenso kuti bwerani mugule kolala. Atangosokerera zonsezo, ndimuuze kuti madiresi otere anatha, gulani ili, koma thupi lanu silikwanamo. Munthu ameneyo adzabweranso?"

"Diresi si makina, mai a Tiyese. Inu simungamvetse."

"N'zoona sindikumvetsa. Vuto n'lakuti ogula nawonso sakumvetsa."

Ndipo anthu analekadi kugula. Sanakwiye poyera, ankangodutsa n'kupereka moni. Wina ukamuitana ankati, "Tidikira kaye, mwina mwezi wamawa atulutsa Nsapato." Ngakhale abale awiri a ku Madisi, amene ankapangira a Lakiyoni magemu atsopano, anatopa. Anavutika kupanga gemu ya bawo yolowa m'Chipewa, pobwera nayo n'kuuzidwa kuti ayambirenso, ikhale ya Wamkulu. Anatsanzika mwaulemu, nawolokera kwa a Dafuta, amene bokosi lawo linali lomwe lija, pakamwa pomwe paja, makhadi n'kumangochuluka.

Mwayi wotsiriza unabwera ndi a Sayidi, mwini zipinda zoseweretsa magemu pa Mponela, Madisi ndi Dowa. Analengeza kuti tsiku la msika adzaona mabokosi a amisiri onse awiri, ndipo limene adzasankhe ndi limene lidzalowe m'zipinda zawo zonse. Nachisale anadziwa kuti a Sayidi akapita kwa a Dafuta, tauni yonse iwatsatira, ndipo mabokosi a mwamuna wake atsala chakudya cha chiswe.

"Bambo a Tiyese, chonde, mutenge bokosi limodzi. Kaya Wamkulu, kaya wakale ndi katundu wake, koma limodzi."

"Onsewo ndi ana anga. Kholo limasankha mwana?"

"A Sayidi sakudzafuna ana, akudzafuna bokosi."

"Nditenga onse awiri. Inu mungondisokera zovala za pusi, kuti anthu andionere patali. Mchira ukhale wautali."

Nachisale anadula bulangete lakale lotuwa, nasoka. Mchira anaufutira ndi zidutswa zansalu, zofiira ndi zobiriwira zomwe zija za pamakhadi, pakuti zinalibenso ntchito.

Tsiku la msika a Lakiyoni anabwereka ngolo, namasula ng'ombe, kutsogolo n'kuchirikiza ndi chitsa. Mbali yakutsogolo anaikako TV ndi Pusi wakale, wovala Chipewa ndi Mchira. Mbali yakumbuyo anaikako TV ina ndi Wamkulu. Pakati panali batire yagalimoto, mawaya ali yangayanga ngati mpanda wa maungu.

"Ngoloyi ndi ya mateyala awiri," anatero Nachisale. "Kumbuyoku mwachirikiza ndi chiyani?"

"Musadandaule, ine ndiima pakati."

Chapataliko a Dafuta anali atakhala pampando pansi pa ambulera, njerwa yawo ija ili patebulo, ana akusewera kale bawo.

Anthu anasonkhana kudzaona munthu wamkulu atavala bulangete dzuwa lili pamutu. A Sayidi anafika, manja kumbuyo, nayang'ana uku ndi uku.

"A Lakiyoni, ine ndabwera kudzagula bokosi. Ndi liti?"

A Lakiyoni analumphira kutsogolo, nasisita Chipewa. "Bwana, ichi chakoma! Magemu ake ndi ambiri."

"Chabwino. Ndiye lasilivalo ndi lachabe?"

"Ayi!" Anathamangira kumbuyo, ngolo n'kuti kwee. "Ichi chakoma! Mitundu yake, mawu ake, simunaonepo."

"Magemu ake angati?"

"Imodzi."

"Ndiye nditenge lakalelo."

"Lakalelo likutha, bwana. Chaka chamawa sitidzapanganso makhadi ake."

"Ndiye nditenge latsopanolo."

"Latsopanolo mudikire pang'ono, makhadi ake sanafike."

A Sayidi anavula chisoti, nakanda m'mutu, natembenukira kwa Nachisale. "Mai, inu ndi amene mumagulitsa. Tandithandizani. Ndigule liti?"

Nachisale anatsegula pakamwa. M'mutu mwake munadutsa zofiira, zobiriwira, zapinki, mai wa ku Dowa ndi beseni lake. Anafuna kupulumutsa mwamuna wake, koma sanadziwe kuti amupulumutsire mbali iti.

"Bwana, ndikanadziwa, bwenzi nditakuuzani kalekale."

Anthu anaseka. Wogulitsa tomato anakuwa kuti, "A Pusi, nanga Nsapato zituluka liti?" Wina anati, "Ine ndinagula Chipewa mwezi watha, mwati chikutha?" A Sayidi anayamba kusuzumira ku ambulera ya a Dafuta.

A Lakiyoni ataona zimenezo anabalalika. Anathamangira kutsogolo. "Bwana, musapite, ichi chakoma!" Anabwerera kumbuyo. "Ichi chakoma!" Ulendo uliwonse mchira wautali uja unkakola waya umodzi n'kuukoka. Nachisale anauona mchirawo ukukulunga mawaya ngati ulusi pabobini.

"Bambo a Tiyese, imani pamodzi!"

Koma iwo anaganiza zoonetsa a Sayidi zonse ziwiri nthawi imodzi. Ananyamula Pusi wakale kudzanja lamanzere, Chipewa chili pamutu pake, nabwerera chafutambuyo kukatenga Wamkulu ndi dzanja lamanja. Kutsogolo kunapepuka, kumbuyo kunalemera. Mchira wabulangete uja unakoka batire, batire inatsetsereka kuwatsatira.

"Ichi chakoma, ichi cha..."

Ngolo inaimirira ngati ikupereka sawatcha. Ma TV anatsetsereka, mabokosi anauluka, ndipo a Lakiyoni anagwa chagada pamulu wa makabichi a eni ake, miyendo m'mwamba, mchira uli pamphuno. Wamkulu anang'ambika pakati. Pusi wakale anagwera m'ngalande. Chipewa chokha ndi chimene chinazungulira m'malere n'kudzatera bwinobwino pamutu pa mwini wake.

Msika wonse unaima. Nachisale anathamanga, nawagwira msana ndi miyendo, napeza kuti palibe chathyoka koma ulemu wokha. A Sayidi anawerama pafupi, nalankhula motsitsa.

"Achimwene, pusi wanu wakuba chimanga uja ana amamukonda, ineyo ndimamufuna. Koma mabokosi anu ayi. Munthu sangagule chinthu chimene mwini wake sakudziwa ngati mawa chidzakhalapo."

Atatero anapita kukakhala pansi pa ambulera.

Kuyambira pamenepo a Lakiyoni sanapangenso bokosi. Patapita masiku anavala jekete, napita okha kuseri kwa depoti, nagwirizana ndi a Dafuta kuti azipanga magemu olowa mu njerwa ija. Pusi wakuba chimanga anasamukira kumeneko, ndipo ana akumuthawitsabe mpaka lero, m'bokosi la munthu wina. Zipewa zotsala Nachisale anasungiramo mabatani ndi masingano, Michira anayanikirapo zovala, ndipo m'chigoba cha Wamkulu nkhuku yawo inapezamo poikira.

Koma chibadwa sichichoka ndi kugwa kamodzi. Tsiku lina a Lakiyoni anaima pakhonde, akuyang'anitsitsa makina osokera, maso akuwala monga kale lija.

"Mai a Tiyese, makina anuwa bwanji ndiwapangire kanthu kokhala pamwamba, kenako kena kolumikiza kumbuyo..."

Nachisale sanaimitse n'komwe phazi. Anangoloza ndi mlomo mchira wabulangete uja, umene anaupachika dala pamsomali wapakhomo, nati:

"Bambo a Tiyese, ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."